Chitsamba cha M'mbale: Kodi Kupinda Chamoyo Nkuchilakwira?

M'dziko la Japan muli mzinda dzina lake Kanuma, umene uli cha kumpoto kwa Tokyo. Chaka ndi chaka, mwezi wa Meyi ukamanka kumapeto, anthu a mumzindawo amachita chionetsero cha maluwa. Mlendo wofika kumeneko amaona zinthu zimene poyamba maso ake akana kuzikhulupirira. Pamatebulo pandandalikidwa mitengo, uliwonse m'mbale yakeyake yadothi. Mtengo wina ulekeza m'bondo, wina m'chiuno. Thunthu lake ndi lonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, mizu yake yayanza pamwamba pa dothi monga ichitira mizu ya mkuyu wakalekale, ndipo nthambi zake zakutidwa ndi maluwa oyera ndi ofiira mpaka masamba osaoneka. Mbale imene mtengowo wakhalamo siposa beseni losambiramo m'manja. Ina mwa mitengoyi ili ndi zaka zambiri kuposa eni ake.

Anthu awiri angathe kuima patsogolo pa mtengo umodzi ndi kuona zinthu ziwiri zosiyana. Wina ati, "Taonani luso ndi chipiriro cha munthu!" Mnzake ati, "Taonani mkaidi. Amudula mizu, amumanga ndi waya, amutsekera m'mbale moyo wake wonse, kuti anthu azidzamuombera m'manja." Onse awiri ali ndi maso abwino, ndipo mlandu wawo suli wa mitengo yokha. Funso lake ndi ili: kodi wamphamvu ali nawo ufulu wakupinda chamoyo chofooka kuti chikhale monga iye afunira? Ngati ali nawo, ufuluwo ulekeza pati?

Mlandu saugamula umboni usanamveke, kotero nkoyenera kuyamba ndi kufotokoza mmene ntchitoyi ichitikira.

Ajapani amaitcha bonsai, ndiko kunena kuti chobzalidwa m'mbale. Siinayambire kwawo, koma ku China. M'manda a mwana wina wa mfumu ya ku China, amene anaikidwa m'chaka cha 706, muli chithunzi cha pakhoma choonetsa antchito atanyamula mbale za timiyala ndi tizomera. Ku Japan mitengo ya m'mbale ioneka pa chithunzi china chachitali chimene chinajambulidwa m'chaka cha 1309. Anthu ambiri akamva za bonsai amaganiza za mitengo ya paini, koma ya ku Kanuma si mitengo konse pobadwa. Ndi chitsamba cha maluwa chimene Azungu achitcha azalea, ndipo mtundu uwu Ajapani autcha satsuki, dzina la mwezi wachisanu pa chiwerengero chawo chakale cha miyezi, pakuti ndiyo nthawi imene chimamasula. Kuthengo chimamera m'miyala ya m'mphepete mwa mitsinje ya m'mapiri. M'mizinda amachibzala m'mbali mwa misewu ngati mpanda waufupi, ndipo anthu amachipitirira osachicheukira. Komabe achikonda kuyambira kale, kotero kuti m'chaka cha 1692 mlimi wa maluwa dzina lake Ito Ihei analemba buku lofotokoza mitundu yake yambirimbiri.

Chikasiyidwa chokha, chitsamba chimenechi chimatulutsa timitengo tambiri kuchokera pansi ndi kuyanga m'mbali. Mmisiri wa bonsai afuna mtengo wa thunthu limodzi. Tsono akakumba chitsamba chakale m'munda amasankha tsinde limodzi lokhotakhota bwino, nadula ena onse. Ena amayamba ndi kanthambi kamene akatsika m'dothi mpaka katamera mizu. Amakalera kuti katalike ngati kamkwapulo, amakapinda kadakali kanthete, kenaka amakabzala m'munda zaka zingapo kuti kanenepe. M'zaka zoyambazo chitsamba chimafuna kumasula maluwa, koma mmisiri amathothola timitu ta maluwawo tisanatseguke, monga mlimi athena fodya wake kuti mphamvu ipite kumasamba. Apa mphamvu afuna ipite ku thunthu. Pofuna kuti nthambi igone mopingasa, amaizengereza waya wofewa, mopendeketsa monga nyemba ikwerera phesi la chimanga, ndipo akapinda wayayo nthambi imatsatira. Pomaliza chitsamba chimalowa m'mbale. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu amachizula, nameta mizu ya m'mbali ndi yapansi, nachibwezera m'mbale momwemo ndi dothi latsopano. Kumeta mizu ndi kudulira nthambi ndiko kumachititsa kuti chisakule. Palibe mankhwala amatsenga, ndipo mbewu yake siyosiyana ndi ya chitsamba cha m'mbali mwa msewu.

Wonenera chitsambacho mlandu ali ndi mawu olemera, ndipo si bwino kuwapeputsa. Iye ati chamoyo chilichonse chili ndi njira yake, ndipo njira ya satsuki ndiyo kuyanga. Munthu wachiletsa zimenezo, osati chifukwa cha njala kapena kusowa mitengo ya denga, koma kuti akondweretse maso ake okha. Ndipo akumbutsa kuti m'dziko lomwelo la China, kumene kunayambira mitengo ya m'mbale, kunalinso mwambo wakumanga mapazi a atsikana. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ankamupindira zala za kumapazi kunsi, nazikulunga zolimba ndi nsalu yaitali, mafupa mpaka kuthyoka, kuti phazi lisapose mainchesi atatu kapena anayi. Ankati phazi laling'ono ndilo lokongola, ndipo mwana wotero adzakwatiwa pabwino. Amene ankachita zimenezi sanali adani a mwanayo, anali amayi ake ndi agogo ake, ndipo ankati achita chifukwa cha chikondi. Mwambowo unakhala zaka mazana ambiri. Boma linauletsa m'chaka cha 1912, koma kumidzi unatha pang'onopang'ono patapitanso zaka zambiri. Tsono wonenerayo afunsa kuti: nsalu ija ndi waya uyu zisiyana bwanji?

Oikira kumbuyo bonsai amafulumira kuyankha kuti chitsamba sichimva kuwawa. Nzoona, pakuti chomera chilibe ubongo kapena mitsempha yomvera ululu monga nyama ndi anthu. Amatinso kudulira zomera si chinthu chachilendo. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi mtengo umene ukanatalika kupitirira denga la nyumba, koma amaudulira kuti ulekeze m'chiuno mwa wothyola, ndipo palibe amene atcha ntchitoyo nkhanza. Amawonjeza kuti mtengo wa m'mbale sufa msanga. Ku Washington, m'dziko la America, kuli mtengo wa paini umene unayamba kuleredwa m'mbale m'chaka cha 1625. Unali pakhomo pa banja la Yamaki ku Hiroshima pamene bomba linagwa pa 6 Ogasiti 1945, pamtunda wa makilomita ngati atatu, ndipo unapulumuka. Masaru Yamaki anaupereka ngati mphatso kwa anthu a ku America m'chaka cha 1976.

Mayankho amenewa ndi oona, koma sakwanira. Tiyi amadyetsa mabanja, pamene bonsai sadyetsa wina koma wogulitsa. Ndipo moyo wautali pawokha sutsimikiza kuti wina wachitiridwa zabwino, pakuti mkaidi nayenso angathe kukalamba m'ndende. Ngakhale chitsamba chisamve kuwawa, funso litsalabe pa munthu amene wagwira lumo. Kodi ntchitoyi imuphunzitsa mtima wotani? Yankho lake lipezeka poyang'anitsitsa manja a mmisiri, ndipo pamenepo pali zinthu zimene woonera patali saziona.

Choyamba nchakuti mmisiri salamula monga aoneka. Mitengo yambiri imatumiza mphamvu yake kunsonga, kotero kuti woidulira amadula kwambiri kumwamba. Satsuki ndi wosiyana. Popeza ndi chitsamba choyanga, mphamvu yake ili m'nthambi zam'munsi, ndipo nsonga yake ndiyo yofooka. Munthu amene anaphunzira pa mitengo ina akabwera ndi nzeru zakezo nadula kwambiri kumwamba, nsonga ingathe kuuma, ndipo ntchito ya zaka khumi iwonongeka m'nyengo imodzi. Nthambi za satsuki ndi zosachedwa kuthyoka. Sizichenjeza, zimangoti thyo! Chifukwa chake amisiri ambiri amayamba achepetsa madzi masiku pang'ono kuti nthambi zilefuke, ndipo pamenepo amapinda pang'ono lero, pang'ono tsiku lina. Nthawi yakudulira nayo saisankha munthu. Ayenera kudulira maluwa akangofota, pakuti patangopita masabata owerengeka chitsamba chimayamba kukonza timitu ta maluwa a chaka chamawa, ndipo wodula mochedwa adula maluwa amene sanawaone. Dothi lomwe sichilola lililonse. Chimadana ndi laimu, chimafuna dothi lowawasa pang'ono, limene alangizi a zaulimi amati lili ndi asidi. Nchifukwa chake dzina la Kanuma lamveka kutali, pakuti kumeneko amakumba timiyala tofewa tachikasu, timene tinatuluka kalekale m'phiri lophulika moto, ndipo mizu ya satsuki imatikonda koposa.

Pali chinanso chimene chimachepetsa kunyada kwa mmisiri. Thunthu angathe kulifupikitsa, nthambi angathe kuzigoneka, koma duwa limamasula pa msinkhu wake weniweni, lofanana ndi la chitsamba chinzake cha m'munda. Pa mitundu ina ya satsuki, mtengo umodzi umabala maluwa oyera, ena ofiira, ena amizeremizere, ndipo mwini wake sangalamule kuti duwa la apa likhale lakuti. Chimene anthu amadzera kutali kudzachiona ndicho chimene mmisiri sanachipange. Iye wangochikonzera malo.

Kotero munthu wosamvera sangathe ntchitoyi. Wouma mutu, wofuna kuti zonse zichitike lero, amatsala ndi nkhuni m'mbale. Apa pagona kusiyana koyamba ndi nsalu ya kumapazi ija. Womanga phazi sankafunsa kuti phazi nlantchito yanji. Ankaliwononga pa ntchito yake yeniyeni, ndiyo kuyenda. Wolera satsuki amachisiyira chitsamba ntchito yake yeniyeni, ndiyo kuphuka ndi kumasula, ndipo chikaleka kuchita zimenezo iye adziwa kuti walakwa ndiye.

Koma chachikulu kuposa zonsezi chili pa waya ndi pa madzi.

Waya saikidwa kuti akhalitse. Nthambi ikapindidwa imapitiriza kunenepa, ndipo mtengo watsopano umene ukumera m'kati mwake umalimba m'maonekedwe atsopanowo. Pakapita miyezi yowerengeka nthambi imatha kuima yokha. Waya sakula. Akakhalitsa amayamba kulowa m'khungwa, ndipo khungwa la satsuki ndi lopyapyala ndi losalala, kotero kuti chipsera chake chozungulirazungulira chimaoneka zaka zambiri. Waya yemweyo amene anali mthandizi mwezi uno asanduka mdani mwezi wamawa, ngakhale palibe wamukhudza. Chasintha ndi nthambi, yakula. Munthu woika waya wadziikira pangano lakubweranso kawirikawiri kudzayang'ana, ndi kumasula nthawi ikakwana. Amisiri akaona mtengo wa zipsera za waya sanena kuti mwini wake anali wankhanza pomanga. Amati anaiwala.

Za madzi nzolemera koposa. Chitsamba cha m'mbali mwa mtsinje chimadzifunira chokha madzi, mizu yake ipita kumene kuli chinyontho. Cha m'mbale sichingatero, pakuti njira imeneyo munthu anaidula ndi lumo lake. Nyengo yotentha chifuna kuthiriridwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina kawiri, ndipo masiku ochepa oiwala angathe kupha mtengo wa zaka makumi asanu. Timiyala ta ku Kanuma timayera tikauma ndi kudera tikanyowa, ndipo mwini mtengo amawerenga mtunduwo m'mawa uliwonse monga mayi ayang'ana nkhope ya khanda lake. Chakudya nacho ayenera kuchipereka, ndipo Ajapani ambiri amaika pamwamba pa dothi timibulu ta zotsalira pofinya mafuta a mbewu. Akafuna kupita ulendo ayenera kupeza womusungira. Pa nkhondo yaikulu yachiwiri mitengo yambiri ya bonsai ku Japan inatayika, ina ndi moto wa mabomba, ina chifukwa oithirira anachoka. Munthu woika chitsamba m'mbale wadzimanga yekha pamodzi nacho. Wachilanda njira yakudzithandiza, tsono ali nacho mangawa amene sadzatha kubweza masiku onse a moyo wa chitsambacho.

Akulu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo mwambiwu umakonda kutuluka pakamwa pa makolo, aphunzitsi ndi onse okhala ndi ulamuliro pa anzawo. Ndi mwambi woona. Mwana wosaletsedwa kanthu sakula mwaufulu, amangoyanga pansi. Koma anthu ambiri amaugwira mwambiwu ngati chilolezo, naiwala kuti wowongola ali ndi mangawa.

Bambo aletsa mwana wa zaka zisanu kupita yekha kudambo. Lamulolo ndi waya wabwino, woikidwa pa nthawi yake. Koma pali abambo ena amene mwana wawo wamera ndevu, wakwatira, walima munda wakewake, ndipo iwo akali kumulanda ndalama za mtedza ndi kumuuza tsiku lakubzala. Sanawonjeze lamulo lililonse latsopano. Angosiya lakale pamalo pake, ndipo mwana wakula molizungulira. Munthu woteroyo amafika zaka makumi anayi asanagamulepo kanthu payekha, ndipo tsiku limene bambo ake amwalira sadziwa poyambira. Palinso mphunzitsi amene apeza mwana wochedwa kumva masamu, nafuna kumuwongola tsiku limodzi ndi mkwapulo, chifukwa ana ena anamva motero. Sanafunse kuti mphamvu ya mwana uyu ili kuti. Mwanayo sadandaula, monga nthambi ya satsuki sichenjeza. Lolemba lotsatira mpando wake ungopezeka wopanda munthu.

Chomvetsa chisoni koposa ndi mwana wamasiye amene malume ake amuchotsa kumudzi napita naye kutauni. Kumudzi anali ndi mizu yambiri: agogo, azakhali, anzake, munda wa malemu amayi ake. Akasowa nsima pakhomo pena ankaipeza pena. Kutauni ali m'mbale. Zonse zimene adya, avala ndi kuphunzira zichokera m'dzanja limodzi. Malume amene amutenga sanalakwe pomutenga, kapena anamupulumutsa ku njala. Koma akamusandutsa wotunga madzi ndi wolera ana, osamulembetsa sukulu, ndipo mwanayo akadandaula iwo nkumati, "Iwe, ndikapanda ine ukanakhala kuti?" pamenepo malumewo awerengera mangawa mbali yolakwika. Iwo aganiza kuti wangongole ndi mwanayo, chonsecho amene anadula mizu ndi iwo.

Fanizo lililonse lili ndi polekezera, ndipo ili nalonso liyenera kuimitsidwa lisanasokeretse anthu. Mtengo wa bonsai amaulera kuti ukhale m'mbale mpaka kufa, ndipo maonekedwe ake amasankhidwa kuti akondweretse mwini wake. Mwana saleredwa kuti akhale chokongoletsa pakhonde. Kholo limene linyadira kuti mwana wake wamkulu sachita kanthu osayamba wapempha chilolezo lalera bonsai, silinalere munthu. Chimene mmisiri aphunzitsa olera anthu ndi kasamalidwe ka dzanja, osati cholinga cha ntchito. Komabe ngakhale pamenepa chitsamba chili ndi umboni wina. Satsuki amene wakhala m'mbale zaka makumi atatu, akamuchotsa ndi kumubzala m'munda, mizu yake imayamba kuyenda, mphukira zimatuluka m'munsi mwa thunthu, ndipo pakapita zaka zingapo amayanganso monga abale ake. Mbale inamuletsa, koma siinamuphe chibadwa chake. Phazi limene mafupa ake anathyoledwa silinkabwerera. Amayi okalamba amene anamasulidwa nsalu boma litaletsa mwambowo anapeza kuti kuyenda kukali kowawa. Wofuna kudziwa ngati kalere kake nkabwino angathe kudziyesa pamenepa: kodi amene ndikumulerayu, atachoka m'manja mwanga mawa, angathe kuima ndi kukula?

Zonsezi sizitseka pakamwa pa munthu uja anati, "Taonani mkaidi." Iye angathebe kunena kuti chitsamba sichinapemphe mbale, ndipo wobweza bwino mangawa akadachita bwino koposa akadapanda kukongola. Mawu amenewo ali ndi pogwira, ndipo munthu wosafuna kulera bonsai pa chifukwa chimenecho sayenera kusekedwa. Koma pa za ana, ophunzira ndi amasiye palibe njira yakupewa kukongola. Mwana wabadwa kale, ndipo wina ayenera kumugwira dzanja.

Chionetsero cha ku Kanuma chikatha, mitengo imabwerera kwa eni ake maluwa atayamba kufota. Mwini wake amakhala pansi ndi kuthothola duwa lililonse pamodzi ndi kathumba ka mbewu kamene kali kunsi kwake, kuti chitsamba chisatope ndi kubala. Pa mtengo umodzi pangakhale maluwa mazanamazana, ndipo ntchitoyo imadya tsiku. Atatha amayang'ana nthambi imodzi imodzi, kufunafuna pamene waya wayamba kuthina. Akapapeza samasula mozunguliza monga anamangira, pakuti kutero kungathyole nthambi kapena kusenda khungwa. Amatenga kapulayala kakang'ono ka mlomo wobulungira, nadula wayayo tizidutswa tating'onoting'ono, kamodzi kamodzi, mpaka tonse tagwera pansi. Nthambi zambiri zimakhala pamene anaziika. Ina imadzuka pang'ono kubwerera kumene inali, ndipo imeneyo amaisiya ipume kufikira nyengo ina.